MBUZI YA KU KACHOLOLA INATHERA M'MBALE ZIWIRI KU TETE

Wolemba Mtolankhani Wathu

Wapaulendo amene acokera ku Lusaka kunka ku Chipata, akangooloka ulalo waukulu wa pa Luangwa umene unatsegulidwa m'caka ca 1968, amayamba kukwera mapiri. Mseu umakhota uku ndi uku, malole olemedwa amakwawa ngati fulu, ndipo pakapita kanthawi mapiri amapatukana ndi kusiya bwalo la masitolo, msika ndi hotela yakale. Pamenepo ndiye pa Kacholola, m'boma la Nyimba, pafupifupi pakati pa ulendo wa makilomita 570. Kuyambira kale lomwe malo ano ndi opumulirapo. Oyendetsa malole a ku Malawi ndi a ku Mozambique amaima pano kuti injini zizizire, ndipo eni ake amatsika kudzafuna cakudya.

Ine ndinabadwira kufupi ndi pamenepa, ndipo mtengo wa nsima ya pa Kacholola ndimaudziwa monga ndidziwira njira ya kudimba kwa amai. M'mwezi wa September 2024 mbale ya nsima, nthuli ya nkhuku ya kumudzi ndi ndiwo zamasamba ndinailipira K60. Pa ndalama imeneyo panali madzi osamba m'manja, madzi akumwa, ndiponso msuzi woonjezera kwa wopempha. Nsima ikacepa, wophika amaponyapo mtanda wina osafunsa ngwee. Ndayamba ndi zimenezi cifukwa uwu ndiwo muyeso umene ife a kuno timanyamula m'mutu popita kunja kwa dziko, ndipo muyeso womwewu ndi umene unatipusitsa ine ndi amalume anga.

ULENDO WA AMALUME

Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anthu ambiri anathawira m'midzi ya m'malire ya Petauke, Katete ndi Chadiza, ndipo m'caka ca 1987 anatsegula malo a othawa nkhondo ku Ukwimi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthuwo anayamba kubwerera kwao, ambiri a iwo m'caka ca 1994. Mmodzi wa anyamata obwererawo anali atakwatira mwana wamkazi wa amalume, msuweni wanga. Anapita naye, ndipo pambuyo pake anakakhazikika ca ku Changara, kumwera kwa mzinda wa Tete. Zaka makumi atatu zinapita amalume osapondako phazi. Msuweni ndiye anali kubwera mwa apo ndi apo, makamaka pa maliro.

Caka ca 2024 tonse tikucikumbuka. Mvula inadula, cimanga cinauma cisanabereke, ndipo pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Nkhokwe ya amalume inali pululu. Koma iwo, poona kuti maondo ayamba kukana, anati: "Mphwanga, ndikapanda kupita caka cino, adzukulu anga adzandionera pa cithunzi." Anagulitsa mbuzi zinai, iliyonse pa K650, namanga ndalamazo pa mpango, ndipo anandipempha kuti ndiwaperekeze cifukwa ndine amene ndinapitako patsogolo ndi sukulu.

Tinakwera basi kufika pa Katete, tinakhotera kumwera mpaka pa cipata ca Chanida, ndipo tsidya lake tinalowa pa Cassacatiza. Pamene amalume anali pa mzere wodinditsa pasipoti, ine ndinakasintha ndalama zao. Masiku amenewo dola imodzi ya ku America inali kugula makwacha athu 26 ndi kanthu, ndiponso mameticais pafupifupi 64. Motero K100 inali kutulutsa mameticais pafupifupi 240. Ndinawapatsa mapepalawo, anawamanga pa mpango, koma masamu ake sindinawafotokozere. Kumeneko ndiko kulakwa kwanga koyamba.

USIKU WA KU TETE

Kucokera pa malire kufika ku Tete ndi ulendo wotopetsa. Tinakwera kaminibasi kamene eni dziko amati chapa, ndipo pamene tinali kuoloka Zambezi pa ulalo wa Samora Machel, umene unamangidwa m'masiku a Apwitikizi, kunja kunali kutada. Tete ndi mzinda wa kutentha koopsa. Ngakhale usiku mpweya umaotcha ngati wa m'ng'anjo. Za ku Changara zinali zitatha, msika utatsekedwa, ndipo m'mimba munali mukulira. Titapeza kacipinda kogona, tinaona nyumba yodyera yowala magetsi, yokhala ndi nsalu zoyera pa matebulo. Tinalowa, ndipo mphepo yozizira ya makina inatilandira pakhomo.

Mnyamata woperekera anatilonjera m'Cinyungwe, cimene Mnsenga amacimva akachera khutu, natipatsa pepala la zakudya lolembedwa m'Cipwitikizi. Ndinafunsa liu limodzi lokha, cabrito, nandiuza kuti ndi mbuzi. Pambali pake panalembedwa 550.

"Ndi zingati, mphwanga?" anafunsa amalume.

"Mameticais 550, amalume."

Anawerenga ndi zala, nagwedeza mutu mokondwa. "Ndiye n'cimodzimodzi ndi kwathu. Itanitsa ziwiri."

Ine ndinadziwa kuti si cimodzimodzi. Koma tinali titakhala kale pansi, anthu ovala bwino anali kutiyang'ana, ndipo manyazi anandigwira pakhosi. Ndinati mumtima ndidzalipira ndine. Kumeneko ndiko kulakwa kwanga kwaciwiri.

Tisanaitanitse n'komwe, mnyamatayo anaika patebulo kadengu ka buledi ndi batala. Amalume anati anthu a kuno ali ndi ulemu, adziwa kulandira mlendo, ndipo tinadya yense. Anabweretsa madzi a m'botolo, tinamwa. Mbuzi itafika anatifunsa ngati tifuna mpunga kapena xima, ndiyo nsima ya kumeneko. Tinasankha nsima. Kunena zoona, nyamayo inali yokoma ndi yofewa, koma nsima inali kamtanda kamodzi konga ka mwana, ndipo amalume anatha akuyang'anabe kukhicini.

Kenaka linafika pepala la malipiro. Mbuzi ziwiri, 1,100. Nsima ziwiri, 160. Buledi ndi batala, 120. Madzi, 120. Zonse pamodzi, mameticais 1,500. Ndinapisa m'thumba, koma amalume anandigwira dzanja. "Mphwa salipira pamene malume ali pomwepo," anatero, namasula mpango. Ataona kuti mapepala akucoka ambiri kuposa m'mene anayembekezera, anandiyang'ana.

"M'makwacha ndi zingati?"

"K625, amalume."

Anakhala cete kanthawi. Tsono anati motsitsa mau: "Ndiye kuti ija yamawanga-mawanga taidya yonse, ndi nyanga zomwe, koma sindinakhute."

Mbuzi yathunthu ya ku Kacholola inathera m'mbale ziwiri za mbuzi. Tikayesa ndi cimanga, caka cimeneco bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la makilogaramu 50 pa K330. Cakudya ca usiku umodzi cinatsala pang'ono kukwana matumba awiri, m'caka cimene thumba limodzi linali moyo wa banja.

KODI ANATIBERA?

Iai, sanatibere. Mtengo uliwonse unali wolembedwa pa pepala lija, ngakhale wa buledi, koma ife sitinawerenge ndipo sitinafunse. Akulu anati safunsa anadya phula.

Amalume anawerenga ndi muyeso wa kale. M'zaka za 1994 ndi 1995, pamene mkamwini wao anali kubwerera kwao, kwacha imodzi inali kugula mameticais pafupifupi khumi, ndipo iwo anasunga ciwerengero cimeneco m'mutu zaka makumi atatu. Kwa iwo 550 inali K55. Koma ndalama siiima malo amodzi. Mozambique inacotsa maziro atatu pa ndalama yake m'caka ca 2006, ife tinacotsa atatu pa 1 January 2013, ndipo pakati ponsepa ndalama ziwirizi zakhala zikukwera ndi kutsika, iliyonse pa liwiro lake. Pofika usiku umenewo 550 inali pafupifupi K230.

Cina ndi cakuti nyumba yodyera yotere siigulitsa nyama yokha. Wakudyayo amalipira magetsi a makina oziziritsa, lendi ya nyumba, malipiro a ophika ndi operekera, kucapa kwa nsalu zoyera, ndiponso msonkho wa boma umene kumeneko amauchula IVA, umene kuyambira 2023 uli 16 pa 100 iliyonse, monga VAT ya kwathu. Ndiponso Tete ndi mzinda wa malasha. Migodi ikuluikulu ya ku Moatize itayamba kutulutsa malasha m'caka ca 2011, kunadzaza anchito a makampani ocokera m'maiko akutali, ndipo mahotela ndi nyumba zodyera zinaika mitengo yoyenera matumba ao. Ife tinalowa m'nyumba imene anamangira anthu ena.

Za buledi, umenewo ndi mwambo wocokera ku Portugal, kumene zimene aika patebulo musanaitanitse zimalowa pa malipiro ngati mwazidya. Mukazibweza simulipira. Kwathu cimene mwini nyumba waika pamaso pa mlendo ndi mphatso. Kumeneko ndi malonda.

M'mawa mwake tinapita kumsika. Kumbuyo kwa ogulitsa tomato ndi nsomba zouma za chicoa, zocokera ku nyanja ya Cahora Bassa, kuli timisasa todyera timene amati barraca. Tinasankha pamene panadzaza oyendetsa chapa ndi onyamula katundu. Nthawi iyi ndinafunsa ndisanakhale pansi.

"Amai, mbale ndi zingati, ndipo muli ciani ndi ciani?"

"150, mwanangu. Nsima, nsomba ya pende ndi masamba. Madzi ali mu mtsukomo."

Imeneyo inali K62 ndi mangwee, mtengo wa pa Kacholola. Nsima inali yotentha, yodzaza mbale, ndipo amalume ananyamuka akupukuta thukuta. Mzinda ndi womwewo, mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndi woyenda pansi, koma malipiro a usiku uja akanatidyetsa tonse awiri kasanu.

Ku Changara anatilandira ndi nthungululu ndi misozi. Adzukulu asanu ndi mmodzi, ena a iwo ali kale ndi ana, anagwada kupereka moni kwa agogo ao. Nsalu zimene amalume anafuna kugulira aliyense sizinakwane, ndipo ang'ono awiri analandira masiwiti okha. Mkamwini atamva nkhani yathu anaseka mpaka kugwira nthiti, nati mbuzi zimene amadya m'mahotela a ku Tete zambiri zimacokera m'makola a komweko. Mbuzi ya ku Tete ndi yochuka m'Mozambique monse cifukwa imadya masau ndi malambe m'chire louma. Madzulo ake anapha imodzi, ndipo amalume anadya ciwindi monga ayenera mlendo wamkulu.

ZIKWI ZA KU LILONGWE

Pobwerera tinasankha njira ya ku Malawi, pakuti amalume anali asanaonepo Lilongwe. Tinadzera ku Moatize, tinakwera mapiri ozizira a Angonia kumene anthu amalankhula Cinyanja ngati ife, ndipo tinaoloka malire pa Calomue kulowa pa Dedza. Ku Lilongwe, pafupi ndi depoti ya mabasi, kuli malo odyera amene eni ake amati ciimirire, ndiponso anyamata okazinga mbatata pa ciwaya. Ndinafunsa mtengo wa nsima ya nyama ya ng'ombe, nandiuza kuti ndi makwacha 3,000.

Amalume anagwira mpango wao ndi manja awiri. "Tiyeni tizipita, mphwanga. Awa ndiye afuna khola lonse."

Ndinawakhazika pansi, ndinatenga kapepala ndi pensulo. Kwacha ya Malawi ndi yathu zili ndi dzina limodzi, koma si ndalama imodzi. Yathu inayamba m'caka ca 1968, yao mu 1971. Yathu igawika m'mangwee, yao m'matambala. Mu November 2023 ndalama yao inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo pa nthawi ya ulendo wathu dola imodzi inali kugula makwacha ao oposa 1,700 kubanki. Motero kwacha yathu imodzi inali makwacha ao pafupifupi 66, ndipo mbale ya 3,000 inali K45, kuchipa kuposa pa Kacholola. Ku Tete ciwerengero cacing'ono cinabisa mtengo waukulu. Ku Lilongwe ciwerengero cacikulu cinabisa mtengo waung'ono.

Koma owerenga asaganize kuti ku Malawi zinthu n'zochipa kwa onse. Caka cimeneco mitengo kumeneko inali kukwera ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse, ndipo mbale imene ife tinaiona yopepuka inali yolemera kwa mwini dziko wolandira malipiro a kumeneko. Ziwerengero zonse zimene ndalemba pano ndi za September 2024. Kwacha yathu inalimba m'caka ca 2025, ndipo amene ayenda lero apeza zina. Cimene sicisintha ndi kufunika kwa kapepala ndi pensulo.

Tisanadye ndinayang'ana zinthu zitatu: ngati pali madzi othira ndi sopo posamba m'manja, ngati cakudya cikucokera pamoto, ndiponso ngati mbale zikutsukidwa m'madzi oyera. Kolera inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi m'zaka za 2022 ndi 2023, ndipo kwathu inapha oposa 700 kuyambira October 2023 kufika mu 2024, mpaka bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Mbale yochipa imene igoneka munthu m'cipatala ca dziko lacilendo ndiyo yodula koposa zonse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu ukhudza nsalu zoyera ndi mtengo wotsika womwe.

KWA AMENE APITA KUTALI

Ambiri a inu muli ndi ana ku Johannesburg, ena ku Ulaya ndi ku America, ndipo tsiku lina adzakuitanani. Dziwani kuti dziko lililonse lili ndi zoonjezera zake pamwamba pa mtengo wolembedwa. Ku South Africa, m'nyumba zodyera zokhala pansi, wakudya amayembekezeka kusiyira woperekera ndalama yothokozera yokwana 10 pa 100 iliyonse kapena kuposerapo. Ku America amasiya 15 kufika 20, ndipo msonkho sulembedwa pa pepala la zakudya koma amauonjezera pa mapeto. Ku Japan kusiya ndalama yotere si mwambo wao konse. Ngakhale kuno kwathu mahotela aakulu amaonjezera 10 pa 100 iliyonse ya anchito operekera.

Tsono wapaulendo asunge izi. Poyamba, pa tsiku losintha ndalama lembani pa kapepala kuti K10, K50 ndi K100 ndi zingati m'ndalama ya dzikolo, ndipo muonetse aliyense amene muli naye. Sinthani kubanki kapena pa ofesi yololedwa, pamene amapereka lisiti. Kaciwiri, funsani mtengo musanakhale pansi, ndipo funsaninso cimene cili m'katimo: nsima, masamba, madzi. Kacitatu, cimene simunaitanitse musacikhudze musanafunse. Kacinai, idyani kumene eni dziko ogwira nchito akudya, masana msika usanatseke, ndipo nyamulani kamba wa nshawa zokazinga, mbatata kapena nthoci za pa Nyimba, kuti njala ya usiku isakusankhireni malo. Kacisanu, mtengo ukakula, imirirani, thokozani, tulukani. Palibe amene adzakukumbukani mawa, koma mbuzi yanu mudzaikumbuka.

Sindikunena kuti nyumba yodyera yapamwamba ndi yoipa. Munthu amene wawerenga, nadziwa kuti akulipira mphepo yozizira ndi nsalu yoyera, nasankha yekha kutero pa tsiku la cikondwerero, wagula cimene anafuna. Coipa ndi kulipira mtengo wa cikondwerero pamene unangofuna kukhuta.

TABWERA PA KACHOLOLA

Tinatuluka m'Malawi pa Mchinji ndi kulowa pa Mwami, pamene kuyambira December 2022 maofesi a maiko awiriwa amagwirira nchito pamalo amodzi. Tinagona ku Chipata, ndipo tsiku lotsatira masana basi inatitsitsa pa Kacholola. Pa mpango panatsala K140. Amalume anati tisanalowe m'njira ya kumudzi tiyambe tadya nsima ya kwathu.

Tili pakati pa kudya, lole ya nambala za ku Mozambique inaima. Woyendetsa, mnyamata wa msinkhu wanga, analowa ali ndi fumbi m'nsidze, naloza mphika wa nkhuku, nafunsa mtengo m'Cinyanja cothyoka. Mtsikana wothandiza kuphika anamuyang'ana kuyambira kumutu kufika kumapazi, nati: "Handiredi."

Amalume anaika pansi mbamu imene inali m'manja.

"Mwana wanga, ife talipira zingati?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Mwini malo anatuluka kukhicini akupukuta manja pa citenje, napepesa, nati ndi K60 monga kwa wina aliyense. Mlendoyo anatulutsa foni yake, nawerenga m'mameticais, namwetulira, nakhala pansi pa benci lathu. Amalume anamukankhira beseni la madzi osamba m'manja, namuuza ndi manja ndi mau kuti msuzi woonjezera ndi waulere.

Ife a m'mbali mwa mseu uno, kuyambira pa Luangwa, Kacholola, Nyimba, Minga mpaka Petauke, timagulitsa kwa alendo tsiku ndi tsiku, ndipo kwa iwo kunja kwa dziko ndi kuno. Woyendetsa lole amene wanyengedwa kamodzi amauza anzake, ndipo mawa onse amakaima patsogolo. Amene wadya bwino pa mtengo woona amabweranso ndi ena. Bolodi lolembedwa mitengo ndi coko silidya ndalama, koma limacotsa mantha a mlendo ndi ciyeso ca wogulitsa.

Sabata yotsatira ndinadzeranso pamalo paja. Pakhomo panali patakhomedwa kabolodi: nsima ya nkhuku K60, ya nsomba K50, ya nyemba K30. Amalume akuti mbuzi yaikazi imene inatsala m'khola inabereka awiri, ndipo akadzakula adzapitanso ku Changara kukapereka nsalu ziwiri zimene anatsala nazo ngongole.